Mashini oyamwa bala kunyumba: medical aid ikukana, sapulaya sakuyankha foni, mutani?

Nkhani ya mashini oyamwa bala aja, amene madokotala amangoti wound vac kapena VAC, ikumamveka pafupipafupi masiku ano, makamaka kwa anthu a shuga amene chilonda cha kuphazi chakana kupola, kapena munthu wachitidwa opaleshoni bala n'kutseguka, kapenanso odwala ogonera amene atuluka zilonda kumsana ndi m'matako. Ndipo mavuto ake amangokhala omwewomwewo khomo lililonse: dokotala walemba, a medical aid ati dikirani, sapulaya watenga dipoziti, mashini afika, koma pakangotha sabata siponji yatha ndiye chimashini chija changokhala pampando chikungolira. Ine ndinadwazikako achimwene anga ndi chida chimenechi konkuno ku Mangochi, nde bola ndilembe pamodzi zimene ndikudziwa.

Kaye kwa amene simunachione. Anesi amadula siponji yakuda molingana ndi bala, amaiika mkati, pamwamba amamata pulasitiki yoonekera mkati yotseka mpweya mbali zonse, kenako amaboola kabowo n'kumatapo paipi yopita ku mashini. Akangoyatsa siponji ija imakwinyika ngati mfutso n'kulimba, ndiye madzi a m'bala amayamba kuyenda pang'onopang'ono m'paipimo kupita m'kabotolo kamene kali pamashinipo. Kuyamwa kumeneko kumachepetsa kutupa, kumakoka m'mphepete mwa bala kuti muyandikane, komanso kumathandiza kuti mnofu watsopano wofiira uja umere. Pa mashini a mtundu wa V.A.C. mphamvu yake nthawi zambiri amaiika pa 125 mmHg, pomwe timashini ting'onoting'ono ta PICO, ta kampani ya Smith & Nephew, timayamwa pa 80 ndipo tilibe kabotolo, madzi amathera mu bandeji momwemo, nde ndi ta mabala osatulutsa madzi ambiri. Nambala imeneyo amasankha ndi dokotala, si yoti mwana wa pakhomo wodziwa mafoni aziisinthasintha ayi.

Tsono pamene ambiri timaphonya ndi apa. Timaika mtima wonse pa kupeza mashini, chonsecho mashiniwo ndi gawo laling'ono chabe. Siponji imayenera kusinthidwa pakatha maola 48 mpaka 72, tinene katatu pa sabata, ndipo nthawi iliyonse pamafunika paketi yatsopano: siponji, pulasitiki, paipi. Mwezi umodzi ndiye kuti mapaketi ngati 12. Kabotolo nako kamasinthidwa kakadzadza, kapena kamodzi pa sabata olo kasanadzadze, ndipo si kotaya madzi n'kutsuka n'kubwezeretsa. Komanso pamafunika munthu wodziwa kusintha zimenezi. Nde mukamasankha sapulaya, funso lenileni si loti "muli ndi mashini?" koma loti mapaketi ndi anesi azifika bwanji kuno mpaka bala litapola, ndipo azilipira ndani.

Kleimu yakanidwa chonsecho sapulaya anati ndi wovomerezeka

Ili ndiye vuto lalikulu ndipo limadya ndalama zambiri. Sapulaya akakuuzani pafoni kuti "eya timagwira ntchito ndi medical aid yanuyo", mwina sakunama, koma zimenezo sizikutanthauza kuti achimwene anu kapena mayi anu awalipirira. Pali zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba, kampaniyo ikhale ndi mgwirizano ndi skimu yanu. Chachiwiri, skimuyo ivomereze wodwala ameneyu, bala limeneli, kwa masiku akutiakuti. Chachiwirichi ndi chimene amati pre-authorisation, ndipo chimayenera kutuluka mashini asanayatsidwe, chifukwa mukayamba kaye n'kumakapempha pambuyo ali ndi chifukwa chokwanira chokanira. Kaya muli pa MASM kaya skimu ina ya kuntchito, imbani nokha kwa iwowo, osadalira pakamwa pa sapulaya. Ndipo mapulani amasiyana, zimene alandira wa VIP si zimene alandira wa Econoplan, nde zoti "mnzanga anamulipirira" musaziwerengere.

Mukaimba funsani molunjika. Kodi pulani yanga imalipira chithandizo chimenechi kunyumba kapena pokhapokha munthu atagonekedwa kuchipatala? Imalipira renti ya mashini yokha kapena ndi mapaketi omwe? Nanga anesi obwera kunyumba? Ndalama zake zikuchokera pa gawo liti la pulani ndipo zatsala zingati chaka chino? Funso la mapaketili musalisiye, pena skimu imavomereza mashini koma siponji ndi timabotolo n'kuziika pa gawo lina lomwe linatha kalekale ndi mankhwala a shuga, inu mudzazindikira invoisi itabwera. Akakuyankhani pemphani kuti akulembereni pa imelo kapena kalata yokhala ndi nambala ya chilolezo, tsiku loyambira ndi lothera, ndi dzina la sapulaya amene avomereza. Lembani m'kabuku dzina la amene mwalankhula naye ndi tsiku lake. Ngati muli pa skimu kudzera kuntchito, a HR akwanu ndi anthu ofunika pano, imelo yawo imayenda msanga kuposa foni yanu.

Chimene chimachedwetsa chilolezo nthawi zambiri ndi kalata ya dokotala yosakwanira. Kalata yongoti "wodwala akufunika VAC" imabwerera. Ikhale ndi matenda ake, pamene pali bala, kutalika, kutambalala ndi kuya kwake mu masentimita, nthawi imene lakhala, zimene zayesedwa kale n'kulephera, ndi masabata amene dokotala akuganiza kuti mashini afunika. Chithunzi cha bala chokhala ndi rula pambali chimathandiza kwambiri. Ambiri aife dokotala wa opaleshoni timakamuonera ku Zomba Central, ku Queens kapena zipatala zolipira za ku Blantyre, ndiye musachoke kumeneko kalata isanakwane, chifukwa kubwereranso ku Blantyre kukangosainitsa pepala ndi thiransipoti ya tsiku lathunthu. Akakana, pemphani chifukwa chake cholembedwa. Pena chifukwa chake ndi khodi yolakwika pa fomu basi, dokotala akakonza zimadutsa. Pena ndi nthawi yodikira kwa amene angolowa kumene mu skimu kapena matenda amene munalowa nawo kale, pamenepo ndiye nkhani imavuta ndithu, koma funsanibe njira yochitira apilo.

Mwa njira, mukafufuza pa intaneti mupeza nkhani zambiri za Medicare, zoti imalipira 80 peresenti wodwala n'kulipira 20 bola sapulaya akhale wolembetsa kwa iwo. Zimenezo ndi za ku America, musapite nazo ku ofesi ya medical aid kuno.

Kenako pali nkhani ya kalipiridwe. Sapulaya ena amatumiza bilu okha ku skimu, inu mumangolipira shortfall, ndalama yotsala imene skimu sinalipire, ngati ilipo. Ena amati lipirani kaye mukabwezeredwe. Njira yachiwiriyi ndi yoopsa kwa munthu wa malipiro a pamwezi, chifukwa zida izi sizipangidwa kuno, zimachokera kunja, ndipo ndi mmene foreks ikuvutiramu mitengo yake siikhazikika (kumbukirani kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti kamodzi), nde skimu ikhoza kukubwezerani pa mtengo wake umene inaika osati umene mwalipira inuyo. Ngati palibe kuchitira mwina, funsani skimu kuti idzabweza zingati musanatulutse ndalama, tengani kotesheni yolembedwa yosonyeza chinthu chilichonse pachokha, ndipo sungani malisiti enieni. Meseji ya Airtel Money kapena Mpamba si lisiti, makamaka ngati ndalama zapita ku nambala ya munthu osati ya kampani. Funsaninso kuti kleimu imayenera kuperekedwa pasanathe nthawi yaitali bwanji, malisiti akagonera mudirowa amasanduka mapepala wamba.

Pa mndandanda pali makampani awiri kapena atatu, nditenge uti?

Skimu ikakupatsani mayina, musathamangire wotchipa. Masapulaya a zida zoterezi amakhala m'mizinda, ife tili kutali, ndiye afunseni ngati munthu wa ku Mangochi. Mapaketi alipo m'sitolo mwawo lero kapena akudikira oda? Angakupatseni a masabata awiri nthawi imodzi ndi ena awiri apadera? Amatumiza bwanji, pa kuriya kapena pa minibasi kudzera kwa kondakitala, ndipo katundu akasowa panjira mlandu ndi wa ndani? Ngati muli ku boma kapena cha ku Koche zimapepukako, koma wa ku Namwera, Monkey Bay, Nankumba kapena Makanjira afunse kawiri, nthawi ya mvula msewu wa ku Makanjira mukuudziwa nokha. Mashini akafa Loweruka usiku pali nambala yoyankhidwa? Yeserani kuimba nambalayo madzulo musanasaine kalikonse. Ine ndimaona kuti sapulaya amene sayankha foni asanalandire ndalama zanu sadzayamba kuyankha atalandira.

Funsaninso mtundu wa mashini, chifukwa zida zake sizilowana. Kabotolo ndi paipi za V.A.C. sizikwana pa mtundu wina wotchedwa Renasys, ndipo za Renasys sizikwana pa V.A.C. Ndiye mukatenga mtundu umene ali nawo ndi sapulaya mmodzi yekha dziko lonse, siponji yake ikatha mwakodwa, simungakagule ku famase ina. Ndi chifukwa chomwecho mashini akale ogulitsidwa pa Facebook kapena obwera ndi m'bale wochokera ku Joni ndimawakayikira: mashini alipo koma mapaketi ake mulibe kowapeza, sakudziwika kuti anayesedwa liti, ndipo medical aid siingalipire kanthu pa chinthu chimene chinabwera m'chikwama.

Pemphani kuona laisensi yawo ya PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ndi zida za chipatala, ndipo anesi amene akutumizireni akhale olembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi komanso oti anasinthapo dressing ya VAC, si nesi aliyense anaigwirapo. Ngati kampaniyo ilibe nesi kuno, gwirizanani pasadakhale ndi kiliniki kapena chipatala chapafupi kuti azisintha ndani, ndipo sapulaya abwere tsiku loyamba adzawaonetse. Mapaketi akafika onani tsiku lothera ntchito ndi kuti sanang'ambike. Paketi yotseguka kapena yonyowa ibwerere.

Ndipo sapulaya amene akufuna kukupatsani mashini popanda kalata ya dokotala, thawani. Pali mabala osayenera kuyamwidwa: bala lokhala ndi khansa, fupa lokhala ndi matenda osachizidwa, mnofu wakufa wakuda umene sunachotsedwe, kapena pamene mtsempha wa magazi ukuonekera. Amene akumwa mankhwala osungunula magazi ngati warfarin amafunika kusamala mwapadera. Mu 2009 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zida za chipatala ku America, linachenjeza kuti anthu ena anamwalira chifukwa chotaya magazi ali pa mashini amenewa, nde si choseweretsa.

Magetsi athima

Apa ndiye pathu penipeni. Mashini oyenda nawo amakhala ndi batire, ena amalembedwa kuti limatha maola pafupifupi 14, koma amenewo ndi a batire latsopano, ndipo mashini a renti adutsa m'manja ambiri. Tsiku loyamba atchajeni adzadze, muwachotse ku magetsi masana muone kuti batire likutsika bwanji. Likamathamanga auzeni asinthe pompo, osadikira tsiku la blackout. Magetsi akakhalapo mashini azikhala pa chaja nthawi zonse, makamaka usiku. Ngati muli ndi sola ndi invata kapena neba wa jenereta konzani naye nkhani isanafike. Magetsi a ESCOM akamabwerera pena amabwera ndi mphamvu, ndiye chaja chikhale pa surge protector kapena muzichizula magetsi akathima. Kanthu kena kakang'ono: zida zochokera ku South Africa pena zimabwera ndi pulagi ya mano obulungira yomwe siilowa m'masoketi athu a mano a makona, onani mashini akangofika mugule adaputa.

Lamulo loti aliyense pakhomo alidziwe, ngakhale mwana wantchito: mashini akakhala osayamwa kupitirira maola awiri, siponji isakhalenso m'bala. Ichotsedwe, bala limangidwe ndi gozi wonyowetsedwa ndi saline (madzi a mchere a kuchipatala otsukira mabala) mpaka anesi adzaike paketi yatsopano. Siponji yongokhala m'bala lotsekedwa ndi pulasitiki popanda kuyamwa imaweta tizilombo. Choncho pakhomo pazikhala gozi, saline, magolovesi ndi pulasitala nthawi zonse, ndipo anesi akuonetseni kachotsedwe kake tsiku loyamba lomwe. Lamulo lomweli ndi la tsiku limene mapaketi achedwa kufika: musasiye siponji yakale masiku asanu poti yatsopano ili panjira, ndipo musaichape kuti muibwezeretse. Bwererani ku gozi, imbirani dokotala.

Alamu ikungolira

Nthawi zambiri ndi mpweya ukulowa penapake. Kuno mwezi wa Okutobala ndi Novembala munthu amatuluka thukuta atangokhala, ndiye pulasitiki ija imayamba kumatuka m'mphepete, makamaka pakati pa zala za kuphazi, pachidendene kapena pamene khungu lapindika. Muona siponji yafufuma yasiya kulimba, ndipo mukazimitsa wailesi n'kuyandikitsa khutu mumva kamluzu kakang'ono. Yendetsani chala pang'onopang'ono m'mphepete monse mukukanikiza, pamene kamluzu kasiye ndi pomwepo. Pukutani khungu liume, dulani kachidutswa ka pulasitiki yapadera mumatepo. Nde pouza sapulaya zoti atumize, pulasitiki yapadera ikhale yambiri, ndi imene imayamba kutha nyengo yotentha. Seloteyipi ya kusitolo siigwira ndipo imasupula khungu.

Ikakhala alamu yoti paipi yatsekeka, yambani ndi zophweka. Wodwala waigonera? Yapindika pansi pa chitenje kapena pa mwendo wa bedi? Timakilipu tiwiri ta papaipi tatsegulidwa? Pena munthu amatseka popita kukasamba n'kuiwala. Kabotolo kakadzadza sinthani, ndipo onani kuti kalowa mpaka kulira kuti "ke". Mashini asamagone chafufumimba kapena chozondoka. Zonsezi zikakanika imbani, ndipo yambani kuwerenga maola awiri aja.

Zosamba: mashini asanyowe, wodwala azipukutidwa kapena kusamba mosamala ndi ndowa, bala lisaviikidwe. Kunyanja ayi.

Pali zina zosafunika kuimbira sapulaya ngakhale pang'ono. Mukaona magazi ofiira kwambiri akuthamanga m'paipi kapena kabotolo kakudzadza magazi mwadzidzidzi, zimitsani mashini, siponji musaichotse, kanikizani pabalapo ndi nsalu yoyera ndipo thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ku Mangochi District Hospital, kaya ku St Martin's ku Malindi ngati muli kutsidya kwa mlatho, kaya ku Monkey Bay, chilichonse chili pafupi. Thupi kutentha, kunjenjemera, fungo lachilendo lamphamvu, mafinya, khungu lozungulira bala kufiira n'kumatentha, ululu kumawonjezeka, wodwala kuyamba kusokonezeka mutu, zonsezo ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo posintha dressing muziwerenga nawo zidutswa za siponji: zimene zalowa zilembedwe papulasitiki kapena m'kabuku, zotuluka zikwane nambala yomweyo. Kachidutswa kamodzi kakhoza kubisala pansi pa mnofu watsopano.

Chilolezo chatha bala lisanapole

Izi zimachitika chifukwa nthawi zambiri skimu imavomereza masabata ochepa kaye. Tsiku lothera lilembeni pakhoma, ndipo kutatsala sabata yathunthu yambani kupempha chowonjezera. Adzafuna umboni woti bala likuchepa, ndiye anesi aziyeza sabata iliyonse ndi kulemba masentimita, inu muzijambula chithunzi pamalo omwewo, rula pambali, kuwala kofanana. Zithunzizo mutha kutumizira dokotala pa WhatsApp ngati wavomera, alembe kalata yowonjezera popanda kunyamula wodwala ulendo wa ku Blantyre. Masiku amene mashini agwira ntchito chilolezo chitatha kawirikawiri amagwera m'thumba mwanu, nde funsani sapulaya kuti masiku apakatiwo amatchaja bwanji.

Ngati pakadutsa masabata angapo muyeso sukusintha, musalimbane ndi skimu yokha, bwererani kwa dokotala. Mwina shuga ndi yokwera, mwina magazi sakuyenda bwino m'mwendomo, mwina pali matenda m'fupa, mwina wodwala akupondabe phazi lomwelo kapena akusuta fodya mobisa. Mashini sangakonze zimenezo. Zakudyanso: bala lotulutsa madzi limadya thupi, usipa, mazira, nyemba ndi mtedza zisasowe m'mbale.

Dokotala akati basi zakwana, musasunge mashini m'nyumba kudikira kuti adzawatenga akadzapezeka. Renti yambiri imawerengedwa pa tsiku, ndipo ena amawerenga mpaka tsiku limene mashini afika m'manja mwawo osati tsiku limene mwazimitsa. Mfundo imeneyi ifunseni poyamba pomwe ndipo ilembedwe mu mgwirizano, pamodzi ndi zoti thiransipoti yobweza ndi ya ndani. Tsiku lozimitsa tumizani meseji kwa sapulaya ndi imelo ku skimu, jambulani mashini, chaja ndi chikwama chake musanapakire, ndipo wolandira akusainireni pepala lokhala ndi tsiku ndi nambala ya mashiniwo. Mapaketi otsala osatsegula funsani ngati amalandiranso, ndipo dipoziti yanu muifunse tsiku lomwelo ndi pepala losainidwalo m'manja.